KOLONA SINATIPHE? KAFUNSENI KU MOCHALE

Acinyamata anzanga, nkhaniyi ndailemba ndiri wokwiya, ndipo sindifuna kubisa. Pa Sondo lina posacedwapa, titatuluka m'chalichi kuno ku Woodlands, tinakhala pansi pa mtengo kudikira msonkhano wa acinyamata. M'kuceza kwathu nkhani inafika pa matenda a kolona. Mnyamata wina wa m'kwaya, wophunzira bwino ndithu, anati: "Aa, zija zinali za azungu. Ife kuno kolona sinatiphe. Kupima kuja inali njira ya akulu-akulu yodyera ndalama." Ambiri anaseka ndi kubvomereza. Mtsikana wina anaonjeza kuti kwao banja lonse linakana kupimitsa, nati, "Onani, si pano tonse tiri moyo?" Anzake anamuombera m'manja.

Ine ndinakhala cete tsiku lija, ndipo ndinapita kunyumba ndi manyazi. Cotero ndiyankha lero, pano pamene magulu onse a acinyamata angawerenge. Mau anga ndi awa: kolona inapha anthu ambiri mu Lusaka kuposa amene analembedwa m'mabuku a boma, ndipo cimodzi mwa zifukwa zimene sanalembedwere ndife tomwe. Tinakana kupimitsa, tinabisa odwala, ndipo tinanamiza anchito a zaumoyo amene anali kutsata matendawa khomo ndi khomo. Amene lero akuti "sinatiphe" akuwerenga buku limene iwo eni anathandiza kulisiya lopanda maina.

Ndiyambe ndi kwathu

Sindingaloze ena cala ndisanaulule za m'nyumba mwathu. M'mwezi wa Julayi 2020, kukuzizira, atate anabwera kucokera ku nchito thupi likutentha ndi mutu ukuwawa. Ku nchito kwao anawakakamiza kupimitsa, ndipo patapita masiku zotsatira zinafika: anali ndi kacirombo. Madzulo ake wanchito wa zaumoyo anaimba foni. Anapempha mwaulemu kuti atate achule anthu onse amene anakhala nao pafupi m'masiku apitawo.

Atate anachula amai, ine ndi mng'ono wanga. Anathera pomwepo. Sanachule akulu atatu a mpingo amene anabwera kudzawapempherera m'cipinda cocezera. Sanachulenso mai amene anali kutigwirira nchito ya m'nyumba, amene ife ana tinali kuwaitana "anti", amene m'mawa uliwonse anali kuyenda pansi kucokera ku Bauleni kudzasesa cipinda ca atate ndi kucapa zobvala zao. Atatseka foni anati kwa amai: "Ambulansi ikaima pa geti pano, msewu wonse udziwa. Anthu adzationa bwanji ku chalichi?" Ine ndinali ciimire pakhomo, ndinamva zonse, ndipo sindinatsegule pakamwa.

M'mawa mwake anti anauzidwa kuti akapumule milungu iwiri. Sanauzidwe cifukwa cake. Anabwerera ku nyumba yao ya zipinda ziwiri, kumene anali kukhala ndi ana ao ndi amai ao okalamba. Patapita milungu itatu ambuya aja anamwalira usiku, kunyumba, atatsokomola masiku angapo ndi kubanika. Mtembo unadzera ku polisi kukatenga cikalata ca munthu wofera kunyumba, cimene tonse ticidziwa ndi dzina lakuti BID, kenaka ku mochale, kenaka kumanda. Palibe anawapima. Pa maliro anthu anati cinali cibayo ca nyengo yozizira. Ife tinatumiza thumba la unga, makabichi ndi kandalama ka cipepeso, ndipo anthu anayamika kuti ndife mabwana abwino.

Lero palibe angatsimikize kuti ambuya aja anafa ndi kacirombo kocokera m'nyumba mwathu. Komanso palibe angatsimikize kuti sanafe nako. Njira yodziwira tinaitseka ndife. Ndipo ndikhulupirira kuti mwa inu owerenga alipo ambiri amene ali ndi nkhani yonga imeneyi, kungoti sanaiuzepo munthu.

Wotsata matenda alibe maso ena koma pakamwa pathu

Tikumbutsane mmene zinayambira. Pa 18 Marichi 2020 nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Chitalu Chilufya, inalengeza odwala awiri oyamba m'Zambia, mwamuna ndi mkazi wake amene anali atabwera kucokera ku France. Pa 20 Marichi masukulu anatsekedwa. Pa 2 Epulo munthu woyamba anamwalira. Popeza oyamba kudwala anali okwera ndeke, mphekesera inabadwa msanga yakuti awa ndi matenda a anthu a ku mayadi, a ku Kabulonga ndi ku Woodlands. A ku komboni anati siziwakhudza. A ku mayadi anaopa kusekedwa, nayamba kubisa. Mabodza awiriwa anagwirana manja.

Nchito yotsata matendawa inali m'manja mwa bungwe la Zambia National Public Health Institute pamodzi ndi maofesi a zaumoyo a m'maboma. Panali nambala ya ulere, 909, yoti aliyense aimbe akaona zizindikiro. Njira yake inali yosabvuta kuimva. Munthu akapezeka ndi kacirombo, afunsidwa amene anakhala nao pafupi. Anthu amenewo afunidwa, apimidwa m'mphuno ndi kamtengo ka thonje, ndipo auzidwa kudzipatula masiku 14. Mwa iwo wina akapezeka nako, nayenso afunsidwa anthu ake. Motero unyolo wa matenda udulidwa usanafike kwa okalamba ndi kwa odwala shuga kapena BP, amene kacirombo kanali kuwagwetsa msanga. Pa 15 Epulo 2020 tauni ya Kafue inatsekedwa kuti anthu apimidwe, ndipo m'mwezi wa Meyi malire a ku Nakonde anatsekedwanso matenda atabuka kumeneko.

Tsono taonani pamene pagona nkhani. Kacirombo aka kamayamba kufalikira munthu asanadziwe kuti wadwala, ndipo ambiri amakanyamula osamva kanthu m'thupi. Nesi sangakaone ndi maso. Woimba foni uja sangalowe m'mutu mwako kuti adziwe amene unakhala naye m'minibasi yopita ku Kulima Tower, amene unaimba naye m'kwaya pa Ciweru, kapena amene anakucapira zobvala. Cida cake ndi cimodzi cabe: coonadi ca pakamwa pako. Ukamubisira dzina limodzi, nchito ya ma labu onse, mafuta a motoka zonse ndi thukuta la manesi onse zapita pacabe pa dzina limenelo.

Ziwerengero zimene wokana safuna kumva

Mnzanga wa m'kwaya uja adalira ciwerengero ca boma, cimene cionetsa kuti m'dziko lonse anafa ndi kolona ndi anthu oposa 4,000 pang'ono. Ati poyerekeza ndi maiko a ku Ulaya, cimeneci ndi cocepa. Inde ndi cocepa. Koma ciwerengero cimeneci ndi ca anthu amene anapimidwa. Wosapimidwa salowamo, ngakhale atafa akubanika pamaso pa ana ake.

M'mwezi wa Julayi 2020, mwezi womwe atate anadwala, akatswiri otsogozedwa ndi a Lloyd Mulenga a ku unduna wa zaumoyo anayenda m'makomo m'maboma asanu ndi limodzi: Lusaka, Kabwe, Livingstone, Ndola, Solwezi ndi Nakonde. Anapima anthu osankhidwa mwa maere, odwala ndi osadwala omwe. Anapeza kuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse anali ndi kacirombo kapena anali atakhalapo nako. Atawerengera, anaona kuti m'mabomawo anthu pafupi-fupi 454,000 anali atagwidwa kale, pamene m'mabuku munalembedwa osakwana 5,000. Ndiko kuti pa munthu mmodzi wodziwika panali ena 92 osadziwika. Ndiponso mwa amene anapezeka nako panthawiyo, atatu mwa anai alionse analibe cizindikiro ciriconse. Mtsikana uja wonena kuti "tonse tiri moyo" aganizepo apa. Kukhala kwake moyo sikuonetsa kuti sanapatsire wina.

Gulu lina la akatswiri, lotsogozedwa ndi a Lawrence Mwananyanda, linapita kumene ambiri a ife tiopa kupita: ku mochale ya cipatala cacikulu ca UTH. Kuyambira Juni kufika Sepitembala 2020, ndi cilolezo ca acibale, anapima mitembo 364. Kacirombo kanapezeka m'mitembo 70, ndiko kuti pafupi-fupi umodzi mwa isanu iliyonse. Mwa anthu 70 amenewa, 51 anafera kunja kwa cipatala, ndipo mwa 51 amenewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapimidwa ali moyo. Mwa 19 amene anafera m'cipatala, 6 okha ndiwo anapimidwa. Werenganinso mzere umenewu: anthu 70, opimidwa 6. Atabwereza nchitoyi kuyambira Janyuwale kufika Juni 2021, anapima mitembo yoposa 1,100, ndipo kacirombo kanapezeka pafupi-fupi mu umodzi mwa itatu iliyonse.

Ndinene zoona zonse: kupezeka kwa kacirombo m'mtembo sikutanthauza kuti ndiko kanapha munthu aliyense wa iwo. Ena anali ndi matenda ena. Koma ndani angayang'ane ziwerengero zotere ndi kunenabe kuti kolona inatilambalala? Ndipo ife a ku Woodlands, amene tikhala kufupi ndi msewu wa Leopards Hill wopita kumanda, tifunikiranso mapepala a akatswiri? Kodi taiwala Juni ndi Julayi wa 2021, pamene motoka za maliro zinali kutsatana tsiku lonse, pamene mabedi ndi mpweya wa oksijeni zinacepa m'zipatala, ndipo foni ikalira usiku mtima unali kudumpha? Tinali kuti, ife amene lero tiseka?

"Wopimitsa alibe cikhulupiriro"

Tsopano ndiyankhe zifukwa zimene timapereka, pakuti ndazimva zonse, ndipo zina ndinazinenapo ndekha.

Coyamba ndi ca m'mipingo mwathu momwe. Ena anati mwana wa Mulungu sapimitsa, cifukwa kupimitsa ndi kuitana matenda ndi kukayika mphamvu ya pemphero. Ndifunse: kodi mwana akatentha thupi, sitipita naye ku kiliniki ya Kabwata kapena ya Chelstone kuti amulase cala aone ngati ndi malungo? Ndani ananenapo kuti mai wotero alibe cikhulupiriro? Kodi akulu a mpingo sapimitsa BP? Nanga kamtengo ka m'mphuno kanalakwa ciani kuti kokha kakhale chimo? Owerenga Baibulo adziwa kuti m'buku la Levitiko, mutu 13, nchito yoyang'ana munthu wokayikitsa nthenda ya pakhungu, kumupatula masiku asanu ndi awiri ndi kumuyang'ananso, inapatsidwa kwa ansembe. Kupima ndi kupatula sizinayambe ndi azungu.

Ndipo pali lamulo limene tonse tinaliloweza ku Sande sukulu, loletsa umboni wonama. Timaliganizira ngati la m'khoti cabe. Koma pamene wanchito wa zaumoyo akufunsa amene unakhala nao, iwe uli mboni, ndipo mlandu wake ndi moyo wa mnansi wako. Atate anapemphereredwa ndi akulu atatu, ndipo tiyamika kuti anacira. Koma pemphero lija silinafune kuti tinamize munthu. Bodza tinaonjeza tokha.

"Ndikapezeka nako, ana adya ciani?"

Cifukwa caciwiri ndi mantha, ndipo cimeneci sindicinyoza. M'miyezi yoyamba opezeka ndi kacirombo anali kutengedwa kukasungidwa kumalo opatulidwa monga cipatala ca Levy Mwanawasa, ndipo anthu anaopa kufera kutali ndi abale. Pambuyo pake osadwala kwambiri analoledwa kudzipatula kunyumba. Komabe mai wogulitsa tomato pa msika wa Chilenje, kapena kondakitala wa minibasi, akakhala pakhomo masiku 14, ndani adzagula unga? Munthu wodya za tsiku lomwelo akathawa kupima, ndimumvetsa, ngakhale sindimubvomereza.

Koma ife a ku mayadi tinali ndi cifukwa canji? Tinali ndi cipinda capadera, firiji yodzaza, madzi a m'pompi ndi malipiro a pamwezi. Cimene tinali kuteteza si cakudya ca ana, koma dzina. Tinaika ulemu wa pa geti pamwamba pa moyo wa munthu wolowa pa geti lomwelo m'mawa uliwonse. Mpanda wa njerwa ndi waya wa magetsi ziletsa mbala, koma siziletsa kacirombo. Wanchito wa m'nyumba, wa m'dimba ndi mlonda wa usiku acokera ku Bauleni, ku Mtendere, ku Kalikiliki ndi ku Kalingalinga, ndipo madzulo abwerera ku nyumba zimene anthu asanu ndi atatu agona m'zipinda ziwiri. Ife tinacira m'zipinda zathu. Maliro anakagwa kwina, ndipo cifukwa anagwa kwina, lero tikuti sinatiphe.

Ndipo mpingo unali kuti? Tidziwa kusonkha ndalama za maliro m'maola ocepa. Tidziwa kuphika nsima ya anthu 200 pa nyumba ya maliro. Nanga cinatikanika n'ciani kunyamula unga ndi ndiwo kukasiya pakhomo pa munthu wamoyo amene wadzipatula kuti ateteze ife? Tikadacita zimenezo, ambiri sakadaopa kupimitsa.

"Boma silinali loona"

Cifukwa cacitatu ndi cakuti anthu sanakhulupirire boma. Apanso pali zoona zina. Zotsatira nthawi zina zinali kufika mocedwa, munthu atayenda kale tauni yonse. Zipangizo zopimira zinali kucepa. Ndipo tonse tinaona andale akusonkhanitsa makamu cisankho ca pa 12 Ogasiti 2021 cisanafike, pamene mipingo inauzidwa kucepetsa misonkhano. Zimenezi tiyenera kuzinena mosaopa, ndi kufunsa atsogoleri athu kuti ma labu ndi makiliniki akonzeka bwanji tsopano.

Koma kulakwa kwa boma sikuyeretsa bodza langa. Nesi amene anaimba foni kwathu sanali wandale. Anali munthu wotopa, wokhala ndi ana akeake, amene anafuna kudziwa dzina la anti kuti akawacenjeze. Ndiponso taonani: amene anaulula kuti ciwerengero ca boma cinali cocepa kwambiri anali madotolo a dziko lino, ena a iwo a mu unduna womwewo. Akadakhala kuti afuna kutiopseza ndi manambala onama, bwenzi atakweza ciwerengero ca tsiku ndi tsiku. M'malo mwake anatiuza kuti anaphonya ambiri. Wonena kuti kupima kunali kwacabe watembenuza nkhani. Bvuto silinali lakuti tinapima kwambiri. Tinapima pang'ono zedi.

Wonena zoona amalangidwa

Cifukwa cacinai ndi cowawa koposa: woulula amasalidwa. Izi zinacitika ngakhale pakati pa maiko. M'mwezi wa Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi ku South Africa anapeza mtundu watsopano wa kacirombo, umene unachedwa Omicron, ndipo anauza dziko lonse lapansi mwamsanga. Mphotho yao inali yotani? M'masiku ocepa Britain ndi maiko ena anatsekera apaulendo ocokera kum'mwera kwa Africa, ndipo Zambia nayo inaikidwa pa mndandanda wa Britain. Tonse tinakwiya, ndipo tinayenera kukwiya, pakuti kulanga mlonda cifukwa wakuwa ndi kupusa.

Koma tisanaloze Britain, tidziyang'ane. Mnzathu wa m'gulu la acinyamata atanena poyera kuti wapezeka ndi kolona, tinamucita ciani? Tinamupatsa maina. Tinafalitsa nkhani yake pa WhatsApp. Atacira, tinali kusuntha pa benci iye akakhala. Ang'ono athu anaona zimenezi naphunzira phunziro limodzi: ukadwala, khala cete. Cimene maiko olemera anacitira Africa, ife tinacitira mnzathu wa pa benci limodzi.

Phunziro limeneli tinaliphunzirapo kale

Cimene cindipweteka n'cakuti dziko lathu linalipira kale mtengo waukulu pa phunziro lomweli. Funsani makolo anu za masiku a Edzi, pamene pa maliro anthu anali kungoti "anadwala nthawi yaitali", ndipo amasiye anali kulowedwa cokolo osadziwa cimene cinapha amuna ao. Kubisa kunadzaza manda a Chingwere ndi Leopards Hill.

Zinthu zinayamba kusintha pamene anthu ena analimba mtima. Mu 1987 a Kenneth Kaunda, ali mtsogoleri wa dziko, anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wao Masuzgo anamwalira ndi Edzi. Ngati panali banja loyenera kuopa za dzina, linali limenelo, koma ananena. Caka comweco cipatala ca Chikankata ca mpingo wa Salvation Army cinayamba kuyendera odwala m'makomo mwao. Mu 1989 bungwe la Kara Counselling linayambika muno mu Lusaka ndi wansembe, Bambo Michael Kelly, ndipo linakhala malo amene anthu anapeza uphungu ndi kupimitsa mwa kufuna kwao. Mu 1990 a Winstone Zulu, ali mnyamata ngati ife, anaima poyera nanena kuti ali ndi HIV, panthawi imene kunalibe mankhwala ndipo kunena zotere kunali ngati kudzikumbira dzenje. Anakhala moyo kufikira 2011. Pambuyo pake, kuyambira 2013 kufika 2018, pa kafukufuku wochedwa PopART, anchito a zaumoyo a m'madera anayenda khomo ndi khomo m'Zambia ndi ku South Africa kupima anthu kunyumba kwao ndi kuwalozera ku mankhwala.

Taonani kuti mipingo inali patsogolo pa nkhondo imeneyo. Taonaninso kuti lero wacinyamata wanzeru sacita manyazi kupimitsa HIV asanalowe m'banja. Nanga zinatheka bwanji kuti ana a dziko lotere, kutabwera kacirombo katsopano, abwerere msanga ku "ndi cimfine cabe" ndi "musauze anthu"? Tinafukiza nthunzi ya masamba a bulugamu, tinamwa mandimu ndi jinja, zonse tinacita kuseri kwa citseko, kupatula cinthu cimodzi cimene cikadateteza mnansi.

Nkhanga zinapangana kusanapse

Wina adzati, "Zinapita izo, ukumbiranji zakale?" Zoona, katemera anafika m'mwezi wa Epulo 2021, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalengeza kuti kolona sirinso ngozi yadzidzidzi ya maiko onse. Koma mliri sutsazika kuti sudzabweranso. Kuyambira Okotobala 2023 kolera inagwira anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700, bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Ambiri anafera kunyumba kapena panjira, atacedwa kunena. Mu Okotobala 2024 boma linalengeza wodwala woyamba wa mpox. Matenda asiyana, koma funso la woimba foni ndi limodzi-modzi: wadwala ndani, ndipo anakhala ndi yani? Tsiku lina adzafunsa iwe.

Cotero ndipempha magulu athu a acinyamata kuti tipangane tsopano, kukali bata. Tipangane kuti mliri ukabuka ndipo a zaumoyo aika hema yopimira pa chalichi, pa msika kapena pa bwalo la Woodlands, ife tidzakhala oyamba pa mzere, tcheyamani wa gulu patsogolo, kuti ang'ono ndi okalamba aone kuti palibe coopsa. Tipangane kuti tikafunsidwa maina tidzachula onse, kuyambira abusa kufikira wosesa pabwalo. Tipangane kuti amene wadzipatula sadzagona ndi njala, ndipo m'thumba la gulu mukhale gawo la zimenezi monga mulili gawo la maliro. Tipangane kuti wofalitsa matenda a mnzake pa foni adzadzudzulidwa pa msonkhano. Amene muli ndi nthawi, pitani ku kiliniki ya kwanu, mufunse za komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu, ndi kudzipereka. Manesi afuna miyendo ya acinyamata odziwa njira za m'komboni ndi mageti a ku mayadi.

Ndipo inu a m'nyumba zokhala ndi anchito, lankhulani ndi makolo anu mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Auzeni kuti m'nyumba mukalowa matenda opatsirana, wanchito ayenera kuuzidwa tsiku lomwelo, kuthandizidwa kupimitsa, ndi kulandira malipiro ake onse pamene ali kunyumba. Kutsutsa kholo n'kobvuta, ndidziwa. Ine ndinalephera. Ndinaopa kuoneka wamwano kwa mphindi zisanu, ndipo ndasenza kukhala cete kumeneko zaka zonsezi.

Anti anabweranso ku nchito maliro atatha, ndipo anatigwirira zaka zina ziwiri. Tsiku lina, tiri awiri m'khichini, ndinawauza zonse za foni ija. Anakhala cete nthawi yaitali akupukuta mbale imodzi-modzi. Kenaka anati: "Mwanangu, mukadangondiuza. Amai ndikadawatumiza kwa mlongo wanga ku Chongwe." Sanakalipe, sanalire. Anaika mbale ija pamalo pake, natenga ina.

Kwa mnzanga wa m'kwaya, ndi kwa onse amene anaomba m'manja pansi pa mtengo uja, ndikuti: Sondo likudzali ndidzakhala pomwepo, ndipo sindidzakhalanso cete. Musananene kuti kolona sinatiphe, yambani mwafunsa kuti "ife" ameneyo ndani, ndipo mwasiya kunja yani.